Loweruka ndi Lamulungu tikapitidwe mphepo kuti? Kasankhidwe ka malo kwa ife a ku Zomba

Dziko lathuli pamapu limaoneka laling'ono, koma amene anakwerapo basi yochoka ku Blantyre kupita ku Karonga amadziwa kuti ndi lalitali zedi. Malo omwe timawamva kutchuka ali motalikirana: Nyika ili uko kumpoto, Nkhata Bay uko, Majete kumunsi ku Chikwawa. Ndiye munthu wa ku Zomba akaweruka Lachisanu, masiku ali nawo ndi awiri okha, amaganiza za malo akutaliwo n'kuona kuti sizitheka, basi n'kungokhala pakhomo kumachapa zovala. Chaka chimatha choncho. Chonsecho mzinda wathuwu unakhala pabwino. Phiri lili pamutu pathu pomwepa, nyanja ya Chilwa ili kum'mawa, mtsinje wa Shire ndi nyama za ku Liwonde zili kumpoto, minda ya tiyi ya ku Mulanje ndi Thyolo ili kummwera. Malo alipo ochuluka. Chomwe chimativuta ndi kasankhidwe.

Choyamba: werengani maola, dzina la malo libwere pambuyo

Musanatchule n'komwe kopita, khalani pansi muone nthawi yomwe muli nayo. Lachisanu mumaweruka nthawi yanji? Loweruka m'mawa mulibe ukwati, chinkhoswe kapena kwaya? Tsiku lanu lopemphera mukufuna likupezeni kwanu, kapena mungakapemphere komwe mwapitako? Mukayankha zimenezi mudziwa ngati muli ndi tsiku limodzi, usiku umodzi kapena usiku uwiri.

Ine ndimati ngati mukukagona usiku umodzi wokha, ulendo wopita usapitirire maola atatu. Ngati mukunyamuka Lachisanu masana n'kukagona kawiri, mukhoza kufikitsa maola anayi kapena asanu. Kupitirira apo ndiye kuti tchuthi chonse mwachithera pampando wa galimoto, Lolemba mukafika kuntchito msana ukuwawa kuposa momwe munaweruka.

Maolawo muwerengenso mwa Chimalawi. Mapu a pafoni akakuuzani kuti ola limodzi, iwo akuwerengera galimoto yosaima. Minibasi imayamba yadikira kuti idzaze padepoti, ikanyamuka iima pa Songani, pa Domasi, pa Malosa, iimenso pa rodibuloko, kondakitala atsitse matumba a chimanga, akwezenso ena. Sienta imafulumirako koma nayonso sinyamuka isanadzaze. Choncho ngati mukuyenda pa zokwera za aliyense, pa nthawi yomwe foni yanena onjezerani theka lake.

Chachiwiri: gawani malo potengera misewu yotuluka mu Zomba

Tsegulani mapu, kaya a pafoni kaya a pepala a ana asukulu aja. Musayang'ane dziko lonse. Yang'anani misewu yotuluka mumzinda muno, chifukwa ndi yochepa. Msewu wa M3 ndiwo msana: mbali imodzi umapita ku Thondwe, Namadzi mpaka ku Limbe ndi Blantyre, mtunda wosafika makilomita 70, mbali inayo umadutsa ku Machinga n'kutsikira ku Liwonde, pafupifupi makilomita 50, kenako Ulongwe mpaka ku Mangochi. Palinso msewu wodzera ku Matawale, womwe umakutengerani ku Jali, Phalombe mpaka ku Chitakale ku Mulanje, komanso njira ya ku Kachulu kunyanja ya Chilwa. Wotsala ndi msewu wokwera phiri uja.

Tsopano papepala lembani magulu atatu. Loyamba, malo osafika ola limodzi ndi theka: phiri la Zomba, Chilwa, Liwonde, Magomero, Blantyre. Lachiwiri, malo a maola awiri kapena atatu: Mulanje, Thyolo, Mangochi, Majete. Lachitatu, malo ofuna usiku uwiri: Monkey Bay ndi Cape Maclear. Chilichonse chakutali kuposa apa, monga Salima, Nkhotakota ndi kumpoto konse, chisungireni tchuthi chachitali cha Pasaka kapena cha Khirisimasi.

Pa ulendo umodzi sankhani msewu umodzi. Anthu ambiri amafuna Loweruka akaone njovu ku Liwonde, Lamulungu akakwere Mulanje. Pamapu zimaoneka zoyandikana, koma kumeneko n'kudutsa mu Zomba kawiri, mafuta kawiri, ndipo malo onse awiriwo mungowanunkhiza.

Chachitatu: dzifunseni chomwe thupi likufuna, ndi amene mukupita nawo

Wotopa ndi phokoso la mumsika safuna malo a zoimbaimba. Wokhala muofesi sabata yonse mwina akufuna kuwongola miyendo. Ngati muli ndi ana aang'ono, funani malo omwe galimoto imafika pakhomo ndipo chipatala sichili kutali. Ngati mwatenga agogo, pewani njira zokwera ndi maboti ang'onoang'ono. Achinyamata a ku Chanco oyenda pagulu akhoza kupirira resitihausi wamba ndi kabaza, bola ulendo uyende. Mukagwirizana chimenechi, malo ambiri pamndandanda paja agwa okha.

Chachinayi: adziweni bwino malo a pafupiwo

Ndiyambe ndi phiri lathuli, chifukwa zimandimvetsa chisoni kuti alipo anthu obadwira mu Zomba, tsitsi lachita kutuwa, koma sanafikepo pa dzenje lakuya lija la Chingwe's Hole. Alendo amachoka maiko akutali kudzaona zomwe ife timangoziyang'ana tili pakhonde. Pamwambapo nsonga yake ya Malumbe imapitirira mamita 2,000. Pali damu la Mulunguzi lomwe limatipatsa madzi akumwa, mathithi a Williams, ndi malo awiri oonerapo patali. Emperor's View inatchedwa choncho pokumbukira kubwera kwa mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, pomwe Queen's View ndi ya mayi wa mfumukazi ya ku Britain amene anafikapo mu 1957. Kunja kukayera, mukaima pamenepo mumaona mzinda wonse pansi, chigwa cha Phalombe, Chilwa, ndi Mulanje cha uko. Ku Chingwe's Hole mumayang'ana mbali inayo, ku chigwa cha Shire. M'mbali mwa msewu wokwera mukumana ndi anyamata atanyamula timbale ta sitiroberi ndi mabulosi, ena akugulitsa timiyala tonyezimira. Ogona alipo a matumba osiyanasiyana, kuyambira hotela ya Ku Chawe mpaka timanyumba tobwereka ndi malo omanga tenti. Ngati ndalama zavuta, kwerani wapansi m'mawa kudzera njira ya Potato Path, mukadye kamba wanu pamwamba, madzulo mutsike. Tengani mmodzi mwa olondolera alendo a m'phirimo, njira zake zimasokoneza nkhungu ikagwa. Ndipo chonde, musakasonkhe moto mwachisawawa. Phirili lapsa kokwanira, mitengo yake yatha kokwanira.

Chilwa ndi nyanja yachiwiri kukula kwake m'dziko muno, ndipo doko la Kachulu lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka mumzinda. Si nyanja yokasambira ayi. Ndi yosaya, ilibe mtsinje wotulutsa madzi, inauma mu 1995 ndipo mu 2018 inaphweranso kwambiri. Koma kwa wokonda mbalame ndi wofuna kuona moyo wa asodzi, palibe pofanana napo. Inaikidwa pamndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar chifukwa cha mbalame zake za m'madzi. Mukafika m'mawa mupeza mabwato akubwera, matemba atayanikidwa, milamba ili pamoto wa utsi. Mkati mwa njedza asodzi amamanga zimbowera, timisasa toyandama momwe amakhalamo masiku ambiri. Boti likhoza kukuwolotsani kupita pachilumba cha Chisi. Uwu ndi ulendo wa tsiku limodzi, wopita m'mawa n'kubwerera dzuwa lisanalowe, ndipo m'dzinja yambani mwafunsa za msewu.

Ku Liwonde ndiye koyenera banja lomwe ana ake njovu amangoiona m'buku. Kuyambira 2015 nkhalangoyi ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks mogwirizana ndi boma, ndipo nyama zabwerera: mikango anaibweretsanso mu 2018, mimbulu mu 2021, zipembere ziliponso. Malangizo anga ndi oti ngati ndalama zikukwanira chinthu chimodzi chokha, sankhani boti la pa Shire osati kuzungulira pagalimoto. Pamadzi mumayandikira mvuu zikupuma, ng'ona zitagona kukamwa yasa pamchenga, njovu zikutsikira kudzamwa pansi pa migwalangwa, nkhwazi ikulira pamwamba. Chipata chachikulu chili pafupi ndi tawuni ya Liwonde, ndipo opita ku Mvuu amakhotera pa Ulongwe n'kukawoloka pa boti. Maloji a mkati mwa nkhalango ndi okwera mtengo, koma mukhoza kugona m'tawuni kapena pafupi ndi chipata n'kulowa m'mamawa, nthawi yomwe nyama zimayenda. Amalawi timalipira ndalama yolowera yocheperapo kusiyana ndi alendo akunja, choncho chiphaso cha unzika chisatsale.

Okonda mbiri atembenukire kumsewu wa Blantyre. Chapafupi ndi Namadzi kuli Magomero, komwe Bishop Charles Mackenzie ndi anzake a UMCA, bungwe la amishoni a Anglican, anakhazikitsa mishoni mu 1861, malo omwenso anagwedezeka pa kuukira kwa John Chilembwe mu Januwale 1915. Ku Chiradzulu kuli mishoni ya Chilembweyo ya Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe. Mukapitiriza mpaka ku Blantyre muona Mandala House ya mu 1882 ndi tchalitchi cha St Michael and All Angels chomwe chinatha kumangidwa mu 1891. Ana a sitandade 8 ndi a sekondale ulendo wotere umawatsegula mutu, zomwe amaloweza m'kalasi amaziponda ndi mapazi.

Mulanje ndi wa usiku umodzi kapena uwiri. Musapite ndi maganizo okafika pa Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002 ija, ngati muli ndi masiku awiri okha ndipo simunazolowere kukwera. Anthu asowapo kumeneko. Kwa ongofuna kupitidwa mphepo, Likhubula ndi yokwanira: mumayenda wapansi ndi wolondolera kukafika pa Dziwe la Nkhalamba, phiri la Chambe litaima njo patsogolo panu. Madzi a padziwepo ndi ozizira kwambiri ndiponso akuya, anthu amirapo, ndiye wosadziwa kusambira angoviika mapazi m'mphepete. Pobwerera dutsani m'minda ya tiyi, mugule chinanazi cha kumeneko. Ku Thyolo kuli esiteti ya Satemwa, ya mu 1923, yomwe imalandira alendo ofuna kulawa tiyi ndi kuyenda m'minda.

Za kunyanja yaikulu sindichulutsa, aliyense amazidziwa. Ndingoti Mangochi, Nkopola ndi Makawa n'zotheka pa usiku umodzi mukalawirira. Cape Maclear, komwe kuli mudzi wa Chembe, nsomba za mbuna, chilumba cha Thumbi ndi manda a amishoni oyamba a Livingstonia amene anafika mu 1875, kumafuna kuti munyamuke Lachisanu.

Chachisanu: funsani kalendala

Malo omwewo amasintha ndi nyengo. Juni ndi Julayi pamwamba pa Zomba ndi Mulanje pamazizira koopsa, chiperoni chikabwera simuona n'komwe dzanja lanu, ndiye ku Emperor's View mukaonako nkhungu yokha. Miyezi yomweyo kunyanja kumawomba mwera, maboti ang'onoang'ono amavutika. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala ndiyo nthawi ya ku Liwonde ndi Majete, udzu wauma ndipo nyama zimasonkhana kumadzi, ngakhale kuti Okutobala kuchigwa kumatentha moti ana amalira. Mwezi wotenthawo ndi wothawira kuphiri. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mathithi amadzaza ndipo dziko limabiriwira, koma misewu yafumbi imasanduka matope ndipo mitsinje ya ku Mulanje imasefukira mwadzidzidzi. Zomwe namondwe wa Freddy anachita ku Phalombe ndi Mulanje mu Malichi 2023 tonse tikuzikumbukira. Anthu azanyengo akachenjeza, ulendo uimitseni.

Onaninso masiku a tchuthi. Pa 15 Okutobala, tsiku la anakubala, anthu amakhamukira kunyanja, zipinda zimatha ndipo mitengo imakwera. Chimodzimodzi Pasaka, 6 Julayi ndi Khirisimasi. Wofuna bata apite sabata yotsatira.

Chachisanu ndi chimodzi: funsani anthu, kenako imbani foni

Safunsa anadya phula. Zithunzi za pa Facebook zikhoza kukhala za zaka zisanu zapitazo, loji ili yatsopano, utoto usanasuluke. Yambani ndi anthu omwe anapitako posachedwa: mnzanu wa kuntchito wakwawo ku Mangochi, gulu la WhatsApp la kumpingo kapena la anzanu a kusukulu. Za msewu funsani madalaivala a padepoti, iwo amauyenda tsiku ndi tsiku. Mukati, “Achimwene, wa ku Jali uli bwanji masiku ano, kagalimoto kakang'ono kadutsa?” akuuzani mpaka pomwe pali dzenje.

Mukapeza malo awiri kapena atatu ogona, imbani, musangolemba uthenga. Mawu a munthu amaulula zambiri. Mukapatsana moni, funsani molunjika: “Pepani mayi, chipinda cha anthu awiri Loweruka lino chilipo? Mtengowo ndi wa chipinda kapena wa munthu mmodzi? Chakudya cha m'mawa chili momwemo? Magetsi akazima muli ndi sola kapena jenereta? Madzi akutuluka? Maneti a udzudzu alipo?” Funsaninso ngati Loweruka limenelo kuli ukwati kapena phwando pamalopo, chifukwa maloji ena amabwereketsa bwalo, inu mwabwera kudzapuma n'kupeza zokuzira mawu zikulira mpaka mbandakucha. Apempheni akutumizireni chithunzi cha chipindacho chojambulidwa tsiku lomwelo. Ngati akufuna ndalama yachikole, tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba ku nambala yomwe mwatsimikiza kuti ndi ya malowo, dzina lotuluka pafoni muliwerenge musanavomereze, ndipo uthengawo musaufufute. Musalipire zonse musanafike.

Chachisanu ndi chiwiri: ndalama muzigawe panayi

Lembani mayendedwe, pogona, chakudya, ndi zolowera pamodzi ndi za boti kapena wolondolera. Mitengo imasintha pafupipafupi, ndiye ziwerengero zake zichokere pa mafoni mwaimba aja. Mukaphatikiza, ikani padera ina yapangozi yokwana kugona usiku wina ndi kubwerera kunyumba. Imeneyo si yogulira kanyenya.

Pali njira zochepetsera. Mabanja awiri akhoza kukwera galimoto imodzi n'kugawana mafuta. Malo olola kudziphikira amapulumutsa zambiri: nyamulani ufa, mpunga, tomato, anyezi ndi mafuta ophikira kuchokera mumsika wa Zomba, ndiwo mukagule komweko. Anzanu a chipereganyu kapena a banki m'khonde mukhoza kugwirizana kuti mwezi wina ndalama ina ikhale ya ulendo. Ndipo ngati muli ndi achibale ku Liwonde kapena ku Chitakale, kugona kwa iwo si manyazi, bola muwadziwitse nthawi ilipo ndipo musapite chimanjamanja. Shuga, sopo ndi buledi zimatsegula khomo.

Wolondolera alendo, wopalasa bwato, mayi wogulitsa zipatso, musawanenerere mpaka kuwafinya. Ndalama yomwe mwasiya m'mudzimo ndi yomwe imachititsa anthu kuona kuti mtengo woimirira ndi njovu yamoyo zili ndi phindu.

Chomaliza: kunyamuka ndi kubwerera

Lachinayi madzulo zonse zikhale zitalongedzedwa. Chiphaso, ndalama zina zogwirika chifukwa netiweki kumidzi imathawa, tochi, chotchajira foni, madzi akumwa, mankhwala omwe mumamwa masiku onse, juzi ngati mukukwera phiri, chipewa ngati mukutsikira kuchigwa, nsapato zotseka. Kamba wa panjira, kaya ndi zitumbuwa, mbatata yowotcha kapena mtedza, amaletsa ana kulira ndiponso amasunga ndalama. Wa galimoto aone matayala, la sipeya lomwe, ndipo athire mafuta okwana kupita ndi kubwera akadali mu Zomba. Masiku omwe mafuta akusowa, musadalire kuti mukawapeza kutsogolo. Uzani wachibale kapena woyandikana naye nyumba komwe mwapita ndi tsiku lobwera.

Nyamukani m'mamawa, 6 koloko muli pamsewu. Minibasi zoyamba zimadzaza msanga, dzuwa silinakwiye, ndipo mumafika tsiku likadali lathunthu. Mukafika kumadzi funsani eni dera posambira. Mu Shire ndi m'nyanja ya Malombe muli ng'ona ndi mvuu. M'madzi odekha a m'mabango mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndiye ngati mwasamba m'malo otere, pakapita milungu ingapo kayezetseni kuchipatala. M'boti valani jekete yoteteza kumira ngakhale ena akuseke, ndipo boti lodzaza mopyola muyeso lisiyeni lipite.

Lamulungu musadikire dzuwa kupendeka. Wochokera ku Mangochi kapena ku Mulanje anyamuke pofika 2 koloko masana, wa ku Cape Maclear asanadye n'komwe nkhomaliro. Msewu wa M3 usiku umakhala ndi njinga zopanda nyali, oyenda pansi ndi mbuzi, ndipo chitunda cha ku Machinga si chokwera mumdima ndi dalaivala wotopa. Zokwera nazo zimachepa kukamada, mtengo n'kukwera. Mukafuna kugula nsomba zopita nazo kunyumba, gulani pomaliza penipeni, muyang'ane kuti maso ake ndi owala ndipo makha ake ndi ofiira. Chambo chachiwisi chimangirireni kunja pagalasi la galimoto kuti chizipitidwa mphepo, kapena muchiike mu kula bokosi ya madzi oundana. Wa paminibasi agule zouma kapena zowamba, azikulunge bwino m'pepala ndi m'jumbo, kuti anzake a pampando asadandaule njira yonse mpaka ku Zomba.